Ndifufute zimene wotchi ya malemu inasunga?

Aphungu,

Sindine munthu wolankhulalankhula, ndiye mundikhululukire ngati kalatayi yayenda mokhota. Ndili ndi zaka 47. Sukulu ndinalekezera fomu 2, ndipo kuyambira pamenepo ntchito yanga ndi yoperekeza alendo ndi kuwanyamulira katundu m'phiri la Mulanje. Ndine mkamwini, ndimakhala kwawo kwa akazi anga. Akaziwo, a Alefa, anatisiya miyezi inayi yapitayo. Anandisiyira mwana mmodzi, Madalo, wa zaka 19.

A Alefa ankathyola tiyi ku esiteti, koma chimene ankachikonda ndi kuthamanga. Chaka chatha anakhala nambala 3 pa mpikisano wothamanga m'phiri, ndipo mlendo wina amene ndinkamuperekeza anavula wotchi yake n'kuwaveka. Ndi wotchi ya GPS. Imajambula njira imene munthu wadutsa, imawerenga makilomita, imawerenganso kugunda kwa mtima. Iwo ankaitcha kapitawo. Ankati, "Wa ku esiteti amayang'anako kumbali, munthu n'kuwongola msana. Koma uyu saphethira." Woona manambalawo ndinali ine, chifukwa ndine ndinkawakonzekeretsa mipikisano.

Tsikulo linali Lachiwiri m'mawa, mpikisano wa chaka chino utatsala milungu isanu. Tinanyamuka pa Likhubula kukwera njira ya ku Chambe, iwo patsogolo, ine pambuyo ndi botolo la madzi. Titadutsa theka la chitunda anakhala pamwala. Anati, "Bambo a Madalo, pachifuwa pandigwira. Mtima ukuphiriphitha ngati mbalame yokodwa." Ine ndinati, "Ndi mphepo ya m'phiri imeneyo. Dzukani amayi, anzanu sakukhala pamiyala. Mukapumira pamwamba." Anandiyang'ana, n'kuseka pang'ono. "Akapitawo awiri pa munthu mmodzi," anatero, n'kudzuka. Sanapite patali. Anagwa ine ndikuona, ndipo pamene anzanga ankafika ndi machila n'kuti atapita kale.

Pamaliro, alamu anga a Robson, amene ndi mwini mbumba, anandifunsa pamaso pa anthu kuti, "Alamu, mlongo wangayu sanadandaule kalikonse?" Ndinayankha kuti, "Ayi, anangogwa." Mawuwo anatuluka okha. Madalo anali pambali panga, ndipo mpaka lero akudziwa zomwezo.

Loweruka likudzali andisudzula. Katundu wa malemu amuyala pamphasa kuti agawidwe, ndipo tsiku lomwelo abale anena ngati ndikhalebe pamudzi kapena ndibwerere kwathu. A Robson sanabise maganizo awo. Anandiuza kale kuti, "Munthu wa zaka makumi anayi n'kumamupirikitsa m'phiri ngati mbuzi yoba m'munda? Tidzakambirana." Wotchi agwirizana kuti ipite kwa Madalo, poti nayenso wayamba kuthamanga.

Sabata yatha ndinaitulutsa m'sutikesi n'kuitchaja. Ndinkangofuna kuona njira zimene tinkayenda tili awiri. Zonse zilimo. Lachiwiri lija lilimonso. Ikuonetsa mtima ukugunda ka 198 pa mphindi. Ikuonetsa kuti anaima mphindi khumi ndi imodzi malo amodzi. Kenako mzere ukuyambanso kukwera, mamita 600, n'kuthera pomwepo. Aliyense wodziwa kuwerenga aona kuti munthu sanangogwa, ndipo afunsa amene anamudzutsa.

Madalo amaidziwa wotchiyi kuposa ine. Dzana anati, "Ababa, akangondipatsa ndikufuna ndikathamange njira yomaliza ya amayi, ndikaone pamene analekezera." Ndinamuuza kuti chitunda chimenecho n'chachikulu. Anaseka. "Musade nkhawa. Inenso pachitunda mtima umandidumpha, maso n'kuchita mdima pang'ono, koma amayi ankati zimatha ukazolowera."

Aphungu, pofufutira ndinapapeza. Imafunsa kawiri ngati watsimikiza. Katatu konse ndafika pa funso lachiwiri n'kubweza chala. Ndikafufuta, njira zonse za mayi ake zipita limodzi, ndipo ndinamanso kuti batire linatha. Ndikapanda kufufuta, mwana yekhayo amene ndili naye adziwa kuti ndine ndinawadzutsa pamwala paja, komanso kuti ndinamunamiza. Kuchoka pamudzi ndikhoza kupirira. Maso a Madalo ndiwo sindikudziwa.

Ndifufute?

L.W., Likhubula, Mulanje

Bambo L.W.,

Pepani ndi zovutazi. Ndikuyankhani mosazungulira chifukwa Loweruka silili patali. Musafufute.

Mwalemba kalata yonseyi mukuyang'ana mphindi khumi ndi imodzi zija, koma mawu oopsa kwambiri mwawadutsa ngati ndi nthabwala. Madalo wakuuzani kuti pachitunda mtima umamudumpha ndipo maso amachita mdima. Bambo, matenda ena a mtima amayenda m'magazi, kuchoka kwa kholo kupita kwa mwana. Ine si dokotala, wotchinso si dokotala, ndipo sindikunena kuti mwanayo akudwala. Koma iye akukhulupirira kuti zoterezi zimatha ukazolowera, ndipo akukhulupirira choncho chifukwa akudziwa kuti mayi ake anangogwa popanda chenjezo. Bodza lanu lija poyamba linkakutetezani inu. Tsopano likumukankhira iye ku chitunda chomwecho.

Ndiye yambani ndi Madalo, lero kapena mawa, Loweruka lisanafike. Asamve kuchokera ku wotchi, amve kuchokera pakamwa panu. Khalani naye pansi awiriwiri, mumuuze mawu amene mayi ake ananena ndi amene inu munayankha, monga mwandilembera ine, osachotsapo. Alira. Mwina akhala masiku osakulankhulani. Musamukakamize kukukhululukirani msanga. Mupempheni chinthu chimodzi chokha: asathamange, ngakhale pachigwa, mpaka ataonedwa kuchipatala.

Mupite naye nokha, wotchi ili m'manja. Mukafotokoze mmene mayi ake anamwalirira, mukawaonetse manambalawo, iye akanene zimene amamva, ndipo mukapemphe kuti amupime mtima. Akakutumizani ku chipatala chachikulu, pitani. Mukafunsenso funso limene likukudyanilo, ngati a Alefa akanapulumuka mukanabwerera nawo kumunsi. Mwina yankho silipezeka, koma lifunseni kwa odziwa m'malo modziweruza nokha.

Kwa a Robson musapite nokha. Tengani ankhoswe anu, mukawaone Loweruka lisanakwane, nkhani ikambidwe m'nyumba osati pamphasa anthu atazungulira. Mukanene kuti pamaliro munayankha ndi mantha. Akwiya, ndipo ali ndi chifukwa, anali mlongo wawo. Sindingakulonjezeni kuti akusiyani pamudzi. Koma muwakumbutse kuti ngati vutoli ndi la m'magazi, ndi magazi a mbumba yawo, ndipo iwo eni ndi ana awo ayenera kudziwa.

Kunena zoona, munalakwa kuwadzutsa. Munthu akati pachifuwa pamugwira, kuthamanga kwathera pomwepo. Koma munalakwa posadziwa, monga alakwira ambiri amene amayesa kuti kupirira ndiye mankhwala a chilichonse. Munawanyamulira madzi, simunawafunire imfa. Tsopano mukudziwa, ndiye kulakwa kwachiwiri sikudzakhala ndi pobisala.

Chenjezo langa ndi ili. Wotchiyo ibwezereni m'sutikesi, kiyi mupatse ankhoswe mpaka tsiku lopita kuchipatala, chifukwa chala chimene chafika katatu pa funso lachiwiri chikhoza kutsetsereka ulendo wachinayi. Mukuopa maso a Madalo. Ndi bwino akuyang'aneni ndi mkwiyo chaka chathunthu kusiyana n'kuti mudzamunyamule pa machila kuchokera pa mwala womwe uja. Mayi ake anakhala pansi mphindi khumi ndi imodzi, inu n'kuwadzutsa. Uyu mukhazikeni pansi.

Aphungu