Duku Loyera ndi Oyilo Wakuda

Mayi a Loyce,

Ndathamangira ku boma panjinga. Musakwiye musanamalize kuwerenga.

Paja a Makina amakanika aja anati matope a msewu wa ku Mkhumba atidyera galimoto kunsi ndi dzimbiri. Ndiye m'mawa muno, inu muli kumunda, ndinalowa pansi pake kukapaka oyilo wakale wa injini. Ntchito ndaigwira bwino zedi, paliponse pakunyezimira. Vuto ndi kansanza komwe ndimapakira. Ndinangokatsomphola pachingwe osayang'ana, ndipo nditatuluka m'pamene ndinaona kuti ndi duku lanu loyera la ku Mvano.

Ndikudziwa kuti lero ndi Lachinayi, komanso wolalikira ndinu. Ndayesa kulichapa, sopo wathera pomwepo, beseni nalonso lada bii. Ndikagula lina, ndifika nthawi isanakwane. Ndikachedwa kabwerekeni kwa a Ennie, koma chonde musawauze chifukwa chake, mudzi wonse ungamve dzuwa lisanalowe.

Nkhuku zisalowe pansi pa galimoto, oyilo akudonthabe.

Pepani kwambiri, mayi. Chokhacho chotonthoza n'chakuti galimoto yathu siichita dzimbiri chaka chino. Duku lanulonso silichita.

Ndine wolakwa,
Bambo a Loyce