Nkhuku ya Amake Seveni

Loweruka, 5 Okutobala

Ambuye ndikhululukireni, lero ndatukwana mwana wa eniake ali kutsidya kwa nyanja. Mawuwo sindilemba, poti kope ili limagona pamodzi ndi buku la nyimbo.

Mapopa wathu tinamutumiza ku Amereka kuti akaphunzire za nthaka ndi feteleza. Chaka chino akuti walowa timu ya mpira ya pakoleji pawo, ndipo watisonyeza poonera pa foni. Ine pakamwa pangapa, ndinalengeza kale kwa amayi a Umanyano kutchalitchi kuti mwana wanga wayamba kumwetsa azungu zigoli. Ndiye lero 18 koloko, ine ndi amuna anga awiske Mapopa takwera pachulu cha kuseri kwa khola pomwe netiweki imagwira, foni tayitsamiritsa panjerwa.

Mpira wake si mpira. Ndi chinthu chonga papaya losongoka uku ndi uku, amachinyamula m'manja ngati akuba. Onse avala zipewa za njinga zamoto. Amawerama, matako kumwamba, amagundana ngati nkhunzi, kenako onse amaima n'kukachita msonkhano. Misonkhano yake kuchuluka kuposa ya madikoni.

Wathu ndi nambala 34. Amaima kumbuyo kwa kamnyamata kowonda, nambala 7. Seveniyo akalandira papaya amaliika pamimba pa Mapopa, mwana wanga n'kulikumbatira bwinobwino, kenako amalisolola n'kuthawa nalo yekha! Mapopa amangopitabe kutsogolo atakumbatira mphepo, zimphona zitatu n'kumugwera. Ndawerenga, ka 14. Kumusiyira, kawiri kokha.

Awiske akuti, "NyaMtonga, mwina ndi malamulo ake." Malamulo ati omenya munthu wopanda kanthu m'manja?

Ndinaika awiri m'manda ndisanabale uyu. Dzina la Mapopa, lomwe kwathu timapatsa mwana wobadwa anzake atamwalira, sindinangolitola panjira.

Lamulungu, 6 Okutobala

Waimba 14 koloko, monga achitira Lamulungu lililonse chichokereni kuno. "Monire amama, mwaona? Tapambana!" Mlomo wotupa ngati walumidwa ndi mavu. Akuti kaseweredwe kameneko amakatcha opushoni. Anayamba kufotokoza, ine osamva kanthu, maso ali pamlomopo. Ndangogwirapo chimodzi, chakuti Seveni ndi mnzake wapamtima ndipo amagona chipinda chimodzi.

Ndiye poipa pake pamenepo. Njoka ya m'nyumba.

Lachinayi, 10 Okutobala

Ku Umanyano. Amayi Faides, atcheyamani athu, afunsa pamaso pa onse kuti zigoli zafika zingati. Ndati makamera akumeneko amajambula patali. Bodza loyamba. Kenako misozi yandipereka, ndaulula zonse, foni yazungulira benchi ndi benchi. Amayi Faides ataona Seveni akusolola papaya afuula, "Chiuta wane, umbombo wa mtundu uwu!"

Tagwada azimayi 23. Tamutchula Seveni ndi nambala yake. Tadzudzula mzimu wa umbombo, wa dyera, wa kumana. Amayi Faides afika pomenya benchi, akuti, "Tuluka mwa Seveni! Siya papaya!" Wina watijambula mawu.

Tsono nkhani ya ana imapita kwa makolo, ndi mmene tinaleredwera. Pali gulu la makolo a timu pa foni lomwe Mapopa anandilowetsamo. Ndalembamo Chingerezi changa cha giredi 12, chonse chomwe ndinasunga zaka zonsezi. Ndapereka moni kwa amake Seveni mwaulemu, ndafunsa za moyo wa pakhomo, kenako ndati kwathu kuno mwana woika chakudya m'kamwa mwa mnzake n'kuchilandanso timamukhazika pansi. Ndati ife mbali yathu tachita, ndipo pemphero lija ndaliika pomwepo ngati umboni.

Mtima mbee. Ndasenda nshawa za mbewu lichero lathunthu ndikuimba.

Lachisanu, 11 Okutobala

Uthenga wa Mapopa: "Amama, timu yonse yamvera pemphero lanu m'chipinda chovalira. Anandiumiriza kumasulira. Aliyense akundikuwiza kuti siya papaya. Mwandivula pagulu."

Ndaimba kanayi. Sakuyankha.

Loweruka, 12 Okutobala

Pachulu apita okha awiske. Abwera akuti apambananso, Mapopa amugwera ka 11. Ndiye kuti mzimu uja sunatuluke.

Lamulungu, 13 Okutobala

14 koloko. 15 koloko. Foni ndaipukuta, ndaizimitsa n'kuiyatsanso, ndakwera nayo pachulu dzuwa likuswa mtengo. Ndauza awiske andiimbire tione ngati ikulira. Ikulira bwinobwino, chitsiru cha foni.

Zaka ziwiri sanaphonyepo Lamulungu, ngakhale tsiku lija anali ndi chimfine chosatulutsa mawu.

Lachiwiri, 15 Okutobala

Kwabwera Chrissy wa ku Kasungu, kutsidya kwa malire, uja amatigulitsa zitenje kuno ku Lundazi. Wandipeza maso ali psuu, ndamuonetsa masewero a tsiku loyamba lija. Waonera kamodzi, wati bwezani. Kachiwiri. Kachitatu wagwa nako kuseka mpaka duku kuvuka.

"A NyaMtonga, mwapempherera munthu wosalakwa! Awa akudutsitsa katundu pamalire!"

Ndati usandiyese.

"Taonani chimphona ichi chakumapeto. Anzake onse awatsekereza, ichi achisiya dala. Ameneyu ndiye msilikali wa panjira yachidule. Tsono musayang'ane papaya, yang'anani maso a Seveni wanuyo. Akuyang'ana mwana wanu? Ayi. Akuyang'ana mapazi a msilikali."

Akuti kale akuyamba geni ankapangana kunyumba kuti katundu anyamula uje, ndipo ankagwidwa ngati nkhuku zachitopa. Pano amapita atatu, mtolo amaugwira awiri, ndipo wonyamula amadziwika akafika pamtengo wa mango, ataona komwe msilikali wapondera. Akalunjika kwa woyamba, mtolo umatsala ndi wachiwiri. Akaima kudikira wachiwiri, woyamba amapita nawo. Kukatulukira msilikali wina, wachiwiri amaponyera wachitatu amene akubwera chakumbali. "Munthu mmodzi sangathamangitse anthu awiri, mayi. Chimene wasankha, walakwa."

Ndinati sindikumvabe. Ndiye wathyola papaya lenileni kuseri kwa bafa. Iye Seveni, ine Mapopa, mtondo wosinjira ndiye wachitatu. Usilikali tawapatsa awiske, omwe amangodutsa ndi majombo awo kuchokera kudimba. Anakana, akuti ndine mkulu wa mpingo ine. Chrissy wati, "Adada, inu mungogwira amene ali ndi papaya, basi."

Koyamba Chrissy waliika pamimba panga, awiske aima kumuyang'ana iye, walisiya, ine ndadutsa mpaka pankhokwe. Kachiwiri mkulu wa mpingo wakwiya, wandilumphira ndi mtima wonse, tonse pansi, fumbi kobo! Ndikuyang'ana m'manja mulibe kanthu. Chrissy ali pankhokwe akuvina ndi papaya pamutu.

Zaka 31 za ukwati bamboyu sanandigwirepo chotero masana. Ambuye, izinso mukhululuke, koma ndinaseka.

Ndili chigonere pansipo ndi pomwe zinandilowa. Papaya lija sindinamve pomwe linachoka. Ndinathamanga ndi mtima wonse ngati ndili nalo, n'chifukwa chake awiske anandikhulupirira. Chrissy akuti woyambayo ndiye amafunika wamphamvu ndi woopsa, poti msilikali akapanda kumuopa, onse atatu agwidwa. Ndiye kuti ka 14 kaja ndi ka 14 komwe chimphona chinaopa mwana wanga.

Lachitatu, 16 Okutobala

Chiuno chikuwawa. Funso: ngati mwana wanga ntchito yake ndi kunamizira kuti ali ndi chimene alibe, ndi tchimo? Awiske akuti si bodza, poti pothamangapo iye mwini sadziwa ngati amusiyira kapena ayi. Yankho la mkulu wa mpingo amene bondo lake latupa.

Komanso ndagula chitenje kwa Chrissy ndikudziwa tsopano njira yomwe chinadzera. Machimo akungoberekana ngati mbewa.

Lachinayi, 17 Okutobala

Ndaimirira ku Umanyano ndaulula kuti tinatulutsa chiwanda mwa munthu amene analibe. Amayi Faides akuti pemphero silibwezedwa ngati ndiwo zosapsa, lidzagwira ntchito kwa wina waumbombo, ndipo ayang'ana kwa msungichuma. Ndinafuna kuwasonyeza ndi buku la nyimbo m'malo mwa papaya, andiletsa.

Kupepesa kwa pakamwa pokha ndi kwa ana. Wolakwira banja la eni amanyamula nkhuku. Ndagwira thadzi langa loyera, loikira kwambiri, awiske alinyamula, ndajambula. Ndalemba m'gulu la makolo, pomwe ndinalakwira pomwepo: Amake Seveni, ndinanyoza mwana wanu ndisanamvetse ntchito yake. Maso ake ndi abwino, amawerenga mapazi. Nkhuku iyi ndi yanu. Ndege sizilola, ndiye ndikusungirani kufikira mudzabwere kapena mutume munthu.

Lachisanu, 18 Okutobala

Ayankha! Timitima tofiira mzere wonse. Akuti palibe mlandu, pemphero lija amalimvera m'galimoto popita kuntchito ngakhale samva mawu ake. Afunsa kuti nkhukuyo dzina lake ndani. Dzina! Nkhuku! Ndawayankha kuti Opushoni.

Makolo ena 19 aikapo zala zakumwamba. Mapopa zii. Ndikudziwa kuti waona, amake Seveni sangalephere kuuza mwana wawo, ndipo bedi lake lili mikono iwiri kuchokera pa la wanga.

Lamulungu, 20 Okutobala

Ulaliki sindinaumve. 14 koloko yadutsa ngati basi yodzaza.

Awiske akuti mwana wamwamuna manyazi ake amachedwa kupola, anatengera kwa ine. Ndati ayi, kuuma mutu ndi kwa kwanu. Kenako afunsa ngati mazira a Opushoni nawonso ndi a azungu. Ndati inde. Adya awiri.

Lachitatu, 23 Okutobala

Ndaonera masewero akale onse atatu, bandulo yatha kawiri. Ndimaphimba papaya ndi chala n'kumayang'ana msilikali yekha, kenako ndimanena ndisanaone: siya, solola, ponya. Mwa khumi ndikulondola asanu ndi atatu. Nyemba zapserera. Ndikanawerenga Mawu ndi khama lotere bwenzi ndili mlaliki.

Loweruka, 26 Okutobala

Pachulu: ine, awiske, Chrissy, ndi Amayi Faides omwe anati angodutsa koma anabwera ndi mpando wawo.

Masewero olimba. Adani avala zofiira, msilikali wawo nambala 90, thupi ngati nkhokwe ya chaka chabwino. Chigawo chachiwiri Seveni wasolola papaya pomwe 90 anali ataima chilili kumudikira iyeyo. Amugwetsa pomwepo. Ndakuwa, "Ukanamusiyira, mwana iwe! Mapazi anali panja!" Amayi Faides akuti, "Mwaona, sichinatuluke." Ndati ayi amayi, uku ndi kuphonya chabe, si chiwanda.

Kutatsala pang'ono kutha, athu ali m'mbuyo. Seveni waika papaya pamimba pa Mapopa. Ndaona phewa la 90 likutembenukira mkati. Ndaimirira, ine mayi wobala, ndakuwa ndi pakamwa pangapa, "Solola! Musiye amugwere!" Ndipo amugweradi, 90 ndi anzake awiri, mwana wanga osaoneka ngakhale nsapato. Seveni uyo kumbali, wina wamutsekera, waponyera kamnyamata ka nambala 22, iko psuu mpaka kumapeto kwa bwalo.

Makamera onse ali pa 22. Ine maso ali pamulu paja. Ndawerenga mumtima, modzi, wiri, tatu. Wadzuka. Wadzigwedeza ngati ng'ombe yochoka m'dibi. Pamenepo ndi pomwe ndaimba nthungululu, mpaka ng'ombe m'khola kudzidzimuka.

Ndamutumizira mawu pomwepo, mpweya usanabwerere: "Mapopa, 90 uja wakuopa. Chigoli chija n'chako, ine ndaona." Basi. Sindinapepesenso, sindinalalikire. Kwa ine chimenecho n'chozizwitsa.

Lamulungu, 27 Okutobala

13:40 ndinali kale pachulu ndi ambulera, yunifolomu ya kutchalitchi osavula. 14 koloko, zii. 14:05, zii. Ndinayamba kupangana ndi Ambuye kuti akangoimba, zitenje za Chrissy ndisiya. 14:11 yalira, ndisanamalize lonjezo, ndiye sindikudziwa ngati likuwerengedwa.

Nkhope yake. Chigamba pamphuno. Palibe monire, palibe muli uli.

"Amama. Chigawo chachiwiri, ulendo wachitatu uja. Seveni anawerenga bwino kapena ayi?"

Mayeso. Ngati a giredi 12 aja.

"Analakwa. 90 anaima panja, mapazi onse awiri. Papaya linali lako, ndipo kutsogolo kunali mbee mpaka kumzere."

Kenako watembenuka n'kukuwira wina m'Chingerezi kuti wamva, ngakhale amama ku Lundazi aona! Kwatulukira kamutu kowonda ka Seveni kuseri kwa phewa lake, tsitsi ngati ndevu za chimanga, manja atawagwira pamodzi mmene amuphunzitsira. "Monire amama," katero, lilime likupunthwa. Kenako kanena zina mothamanga.

"Akuti chiyani?"

"Akuti akufuna aone nkhuku yawo."

Ndatsika pachulu ndikuthamanga, netiweki n'kuduka. Opushoni ali kuseri kwa nkhokwe. Ndalowera kumanja, iye kumanzere. Awiske aima pakhonde akungoseka, ndawakuwira kuti tsekani uko, munthu mmodzi sangathe! Foni m'thumba yayambanso kulira.