Phwando Likatha, Katundu Amapita Kuti?

Aphungu,

Ndine mayi wa ana awiri, ndimasoka zovala pakhonde la nyumba yathu ya lendi. Kubanja la amuna anga anazolowera kudyera pamodzi pa tchuthi cha kumapeto kwa chaka, ndipo kulandira alendo kumayenda mosinthana. Chaka chino ndi nthawi yathu. Amuna anga ndi mzime m'banjamo, ndi kalipentala, ndipo maoda chaka chino awavuta kwambiri.

Banjali pa nkhani ya kudya silichita masewera. Munthu akanena kuti "tibwera awiri basi", mungodziwa kuti atulukira ndi ana, adzukulu, ndi mnzake amene wangokumana naye pokwera basi.

Sabata yatha amuna anga anaima pakhomo n'kumayang'anitsitsa makina anga osokera ngati akuwaona koyamba. Kenako anati, "Amayi, bwanji tiwagulitse kaye awa? Zikayenda ndidzakugulirani ena abwino. Ine sindingadyetse achimwene nyemba, angandione bwanji?" Makinawa ndi amene amagula sopo m'nyumba muno, ndiwonso amalipirira ana sukulu. Wogula akuti amupeza kale.

Mtima unandiwawa, sindikana. Koma chimene chandilembetsa kalatayi ndi chidwi, chifukwa mawu awowo anandikumbutsa zinthu zina. Chaka chimene tinadyera kwa alamu anga aakulu, nyama inali yochita kusankha. Mwezi wotsatira tinamva kuti njinga yawo yamoto ili kwa makaniko. Mpaka lero ikadali kwa makaniko, eni ake akuyenda wapansi, ati n'kulimbitsa thupi. Chaka chatha tinali kwa achemwali awo a amuna anga, amene tonse timangowatcha Anamwino. Zakumwa zinali mbwee. Nditapitako tsiku lina kukawayeza diresi, ndinapeza pamene pankakhala firiji pali kampando ndi maluwa a pulasitiki. Nditafunsa anaseka n'kuti, "Aaa mlamu, ija inkangotithera magetsi."

Aphungu, kodi ndikuganiza mopitirira, kapena banja lonseli likugulitsa katundu mwakachetechete kuti lidyetsane tsiku limodzi? Ngati ndi choncho, anthu okondana chotere amalephera bwanji kuuzana? Nanga ine nditani kuti alendo akhute, amuna anga asachite manyazi, makina anga atsale?

T. K., wosoka wapakhonde

Mayi T. K.,

Munthu wozolowera kuona pamene ulusi wadumpha sangalephere kuona kuti firiji yonse palibe. M'nyumba zawozo ine sindinalowemo, choncho sindingalumbire, koma ndikuona ngati mwalasa.

Mukufunsa kuti amalephera bwanji kuuzana. Aliyense akuganiza kuti wovutika ndi iye yekha. Woyamba anaphika mopitirira pofuna kusangalatsa abale, wachiwiri anaopa kuoneka woumira n'kuwonjezera, ndipo pofika kwa mzime phwando lakula kuposa matumba a onse. Palibe anafuna kuzunza mnzake, koma onse akuzunzika, akumwetulira.

Makina musagulitse. Auzeni amuna anu lero lomwe, mwaulemu koma mosazungulira, kuti wogulayo amubweze. Phwando lidzatha mbale zikatsukidwa, koma sukulu idzatsegula ndithu, ndipo aphunzitsi sadzafunsa kuti achimwene anadya chiyani.

Mukatero, nyamukani mupite kwa Anamwino ndi mapazi anu. Musalembe pa gulu la abale la pafoni, kumeneko aliyense amavala jekete. Za firiji musatchule. Ingonenani zanu: "Mlamu, chaka chino zatithina, tithandizeni nzeru." Chimene chikusowa m'banjamo ndi munthu woyamba kulankhula mawu amenewa, ndipo ndikhulupirira adzakuyankhani mofulumira kuposa mmene mukuganizira. Anamwinowo adzawauza okha alongo awo, poti mawu a mlongo amalowa bwino kuposa a mlamu.

Pemphani kuti nyumba iliyonse idzabwere ndi poto wake, ndipo muuze aliyense chodzaphika, apo ayi mudzalandira kabichi yekhayekha. Inu phikani mpunga wambiri ndi nyemba zomwe amuna anu akuzinyozazo, muzikazingire bwino ndi anyezi ndi tomato. Nkhuku muidule tizidutswa, ilowe mu msuzi. Yokazinga payokha imathera kwa anthu oyamba pamzere. Chakudya chisakhale chodzitengera. Chipande apatseni Anamwino, munthu wozolowera kugawa mankhwala sagawa mwachisawawa. Ana adye kaye, chifukwa mwana wanjala ndi amene amalengeza kuti ndiwo zachepa. Mbale ndi makapu bwerekani kwa aneba. Ndipo aliyense wonena kuti abwera awiri, inu muzimva kuti anayi.

Amuna anu musawasiye chimanjamanja, poti vuto lawo ndi loti akufuna kuonetsa abale awo kanthu. Ndi kalipentala. Atole matabwa otsala akhome mabenchi ndi tebulo lalitali loti onse akwanepo. Achimwene awo akakhala pa benchi losagwedera n'kufunsa kuti wapanga ndani, manyazi a nyemba adzaiwalika.

Chenjezo langa ndi ili: zimene mwatulukirazi zikhale zanu. Chidwi chanu ndachikonda, koma musadzachitengere patebulo, ngakhale mwanthabwala. Anthu amenewa anataya katundu wawo kuti inu ndi ana anu mudye bwino, ndipo kuwaulula pagulu kungakhale kuwalipiritsa kawiri. Mwina padzapezeka wina wong'ung'udza kuti chaka chino nyama yachepa. Msiyeni, nthawi yake yolandira alendo ikadzafika adzakuthokozani chamumtima.

Tsikulo mukadzaona alamu anu aakulu akudya nyemba mwakachetechete, nkhope ili yomasuka kuposa zaka zonse, musadzawafunse kanthu. Mudzangowawonjezera.

Aphungu