Zitenje za pachingwe zandichotsa mtima

Aphungu,

Ndine namwino watsopano kuwodi ya amayi oyembekezera, ndipo ndili ndi mantha aakulu. Sabata yatha mayi wina anachira bwinobwino, mwana wamwamuna. Ndikapita pabedi pake ndinkapeza nsalu zili zoyera, BP ili bwino, mwiniwake ali phee. Kwathu kuno mkazi amalangizidwa kuti asamabuule pa uchembere, ndiye ndikamufunsa ankangoti, "Ndili bwino anesi, koma ludzu."

Masana nditasuzumira pawindo, ndinaona chingwe chadzaza zitenje zonyowa, zonse za mayi yemweyo. Apongozi ake ankazichotsa msanga n'kukachapa, poopa kuti magazi angaonedwe ndi anthu oipa mtima. Nditawafunsa anati, "Mwana iwe, magazi a mpongozi wanga ndi oonetsa alendo?" Nditazindikira kuti mayi uja akutaya magazi ambiri, ndinathamangira kwa Sista Nakazwe, amene amatiyang'anira. Pomwe tinkafika pabedi, mayi uja anali atayamba kuzizira manja. Anapulumukira mkamwa mwa mbuzi.

Nanga ndikanapanda kusuzumira? Mwezi wamawa a Sista akupita kutchuthi, wodi itsala m'manja mwanga. Kodi ndingopempha kuti andisamutse ndisanaphe munthu?

T.S., Mbala

Mwana wanga T.S.,

Usasamuke. Ambiri anadutsa pawindo paja n'kuona zochapa basi, koma iwe unadzifunsa kuti zitenje zonsezo zachokera kuti. Chatsala n'chakuti kufunsa koteroko kukhale chizolowezi chako.

Mayi wamphamvu BP imachedwa kutsika, magazi akutha kale. Choncho gwira dzanja lake umve mmene mtima ukugundira, papasa mimba uone ngati chiberekero chalimba, yang'ana m'zikope. Zimene ukuona zikasemphana ndi zimene makina akunena, itana thandizo pompo, usadikire kuti utsimikize. A Sista uwauze za mantha akowa asananyamuke, mugwirizane munthu woti uzimuimbira zikavuta.

Apongozi kamba nawo mayi asanachire. Apatse beseni lovindikira, uwauze kuti, "Amayi, zitenje zamagazi muziika umu n'kundionetsa ine ndekha, kenako mukachape nokha."

Koma samala pakamwa pako. Ukawakalipira pagulu, mwambowo sadzausiya ayi. Adzangosiya kubwera kuchipatala, ndipo mpongozi wotsatira adzakachirira kunyumba, kumene magazi akamatayika kulibe woti n'kufunsa.