Malata 48

Lamulungu, 5 Novembala 2023

Kutentha kwake! Gaborone yonse ngati mu uvuni. Kutchalitchi sindinapite, miyendo yakana.

Ndatsegula chitini cha mkaka chija. P9,000 ndendende, mapula a kuno ku Botswana. Zaka ziwiri zokolopa, kuchapa ndi kusita kwa abwana Chindikani. Zikwana malata 48, misomali ndi kalipentala. Nyumba ya amayi ku Balaka yaima yopanda denga chiyambire Julayi. Zipinda zitatu: cha amayi, pabalaza, ndi changa. Changa! Denga likangokwera, Disembala ndikupita kwathu, osabwereranso. Pemiti ikutha pa 31, sindikonzanso. Zaka zisanu ndi ziwiri m'dziko la eni zakwana. Msana wanga suli ngati kale.

Kanyumba kaudzu komwe akugona amayi kapendekeka. Mvula ya chaka chino sikapirira.

Abdul wa basi akunyamuka Lachitatu. Nthawi zonse ndimapatsira iyeyo. Amasintha ndalamazo pa boda, mtengo wabwino, sanandibereko ndi thebe imodzi yomwe, katambala ka kuno. Koma abwana dzulo: "Dinnah, ndalama ya m'basi siithandiza dziko. Malawi ikusowa madola chifukwa cha anthu ngati inu. Tumizani pa banki." Iwo ndi a zachuma, ntchito yawo ndi kulemba mapepala a momwe mayiko a kuno kummwera angamachitire malonda limodzi. Ine ndinalekezera Fomu 2. Nditsutse chiyani?

Lolemba, 6 Novembala

Maola awiri pamzere. Pasipoti, pemiti, kalata ya abwana, kusayina katatu ngati ndikugula ndege. Andidula P380 yotumizira. Mtengo wawo wotsika kuposa wa Abdul. Mtima unawawa, koma ndatuluka ndi risiti yadidindo.

Ndawaonetsa abwana. "Mwachita bwino, ndinu mzika yeniyeni." Ndinanyada, mwamva? Ine wamkulu ndi imvi zanga, kunyadira kapepala.

Kombi, kaminibasi ka ku Broadhurst, yodzaza. Mayi wina wandiponda, n'kundiyang'ana ngati wolakwa ndine.

Lachiwiri, 7 Novembala

Kingston, mlongo wanga, waimba. Ndalama zafika, makwacha ali mu akaunti yake.

Koma kumudzi kwagwa zovuta. Prosper, mwana wa malume, wamwalira ku Joni. Chifuwa. Mtembo uli panjira, anthu ayamba kale kugona pasiwa. Kingston: "Achemwali, ngolo ya malata atsopano ilowe m'mudzi anthu akulira? Atinena kuti tikusangalala. Enanso anena zoposa pamenepo."

Sananame. Ndimawadziwa anthu akwathu. Ndamuuza kuti dikira, tiike kaye maliro. Malata sawola.

Prosper ndinamubereka kumsana ali khanda. Ndalira pang'ono ndikusita malaya.

Lachinayi, 9 Novembala

Kwacha yagwa. 44 peresenti. Boma lalengeza dzulo.

Ndamvera pa foni ya abwana ndikuwathirira tiyi. Ndafunsa tanthauzo lake. "Ndi mankhwala owawa, Dinnah, koma dziko lichira." Ndafunsanso: nanga malata? Anangoti hmm, n'kupaka batala pa buledi.

Ndathamangira kuseri kwa galaja kukaimba foni. Kingston, siya zonse, kwera njinga, pita kutauni ukagule malata, anthu anene anene! Wapita. Masitolo a zomangira onse otseka. Pachitseko pepala: tikuwerenga katundu. Kuwerenga katundu onse tsiku limodzi? Mbava zovala mataye.

Mtembo wa Prosper ukadali pa boda ya Mwanza. Ati pepala lina lasowa chidindo. Mayiko ogwirizana amenewo.

Sindinadye.

Lamulungu, 12 Novembala

Prosper amuika dzulo.

Abdul watumiza mawu pa foni. Anafika ku Blantyre Lachisanu, mapula a anthu ali m'thumba, kwacha itagwa kale. Aliyense amene anapatsira iye walandira mulu. "Mayi, ulendo uno simunanditume bwanji? Ndinakulakwirani?"

Sunandilakwire, Abdul. Ndinkathandiza dziko.

Ndamvera mawu ake kawiri, kenako ndafufuta.

Lachiwiri, 14 Novembala

Masitolo atsegula. Malata omwewo, anali m'sitolo momwemo sabata yatha, fumbi lake lomwelo. Mtengo wina.

Ndalama ikukwana malata 30 ndi misomali. Kalipentala wavomera kulandira theka ndi mbuzi. Kingston: "Ndigule, kapena tidikire mwina atsitsa?" Ndakalipa. Chinatsikapo n'chiyani ku Malawi chibadwire iwe? Gula!

Kenako ndapepesa. Amene ananena kuti dikira ndine.

Malata 30 ndi zipinda ziwiri. Ndawerenga pa pepala, ndawerenga ndi zala. Ziwiri basi.

Lachisanu, 17 Novembala

Alendo a abwana masana ano. Msonkhano wawo watha, abwera kudzadya. Wina wa ku Zambia, wina wa ku Mozambique, awiri akonkuno. Nyama ya seswaa, chakudya cha akonkuno, ndaipwanya kuyambira m'mawa, manja sakugwira.

Nkhani zawo zokoma. Tsiku lina mayiko onsewa adzakhala ndi ndalama imodzi. Munthu azidzatumiza kwawo mopanda kudulidwa. Maboda azidzangodutsa. Ndimati ndifunse kuti tsiku lake ndi liti, ndiuze mtembo wa Prosper.

Ndikutola mbale, ndamva abwana akuseka ndi wa ku Zambia uja, m'Chinyanja chosakaniza. Abwana ati ndalama zawo anazigwira kuyambira Seputembala, osatumiza ndi tambala yomwe. Atumiza Lachisanu lapitali. Puloti ya ku Lilongwe yalipirika yonse. "Aliyense wodziwa ankaona kuti kwacha igwa."

Ndinaima ndi mbale m'manja. Wa ku Zambia: "Amai, muli bwino?" Ndinati ndili bwino.

Loweruka, 18 Novembala

Ndawafunsa. Mwaulemu, manja kumbuyo. Bwana, munkadziwa?

"Kudziwa ayi, Dinnah, ndinkangoganizira. Zoterezi sitilankhula, zimabweretsa chipwirikiti pamsika."

Msika wake ndine? Ine wa chitini cha mkaka?

Andipatsa P200. Ati pepani ndi maliro. Ndalandira ndi manja awiri, ndanena zikomo. Chimene chikundiwawa kwambiri n'chimenecho, kuti ndinanena zikomo.

Si munthu woipa. Sanandilalatirepo, malipiro sachedwa. Kungoti akamati dziko, ine sandiona. Ndatopa, Ambuye, ndatopa mpaka m'mafupa.

Lachitatu, 22 Novembala

Mvula yoyamba ku Balaka. Kuno kumwamba kuli mbee.

Kanyumba kaudzu kadontha paliponse. Amayi anakhala pampando ndi beseni pamiyendo mpaka inakata. Mankhwala awo a BP akwera. Feteleza Kingston sakumutchula n'komwe, akungoseka.

Kalipentala akubwera Loweruka. Zipinda ziti? Amayi alamula kale: afolere chipinda cha Dinnah ndi pabalaza, iwo agona pabalaza. "Mwana wanga wavutika kwa eni. Asadzapeze chipinda chake chili pamtetete."

Zaka 74. Miyendo yotupa. Agone pabalaza, pamene aliyense akudutsa, kuti ine ndigone ngati mfumukazi?

Kingston: "Achemwali, nenani ndinu. Ndalama ndi zanu."

Lachisanu, 24 Novembala

Ndanena. Chipinda cha amayi ndi pabalaza. Changa atseke pakhomo ndi njerwa zosamata, mbuzi zingalowemo.

Ndaganiza masiku awiri. Nditapita kwathu, malata 18 ndidzawapeza ndi chiyani? Kugulitsa mandasi? Mankhwala a amayi adzagula ndani? Kwacha ikadzagwanso? Pula ndiye akutisunga, ndipo pula ali kuno.

Ndajambulitsa zithunzi za pemiti ku Bontleng, P40. Wojambula: "Mma, mwetulirani pang'ono." Ndalephera. Abwana asayina mafomu mosangalala: "Tikanakusowani kwambiri, Dinnah." Zaka zina ziwiri.

P200 ija ndaiponya m'chitini. Yagwa yokhayokha ngati tsamba m'chitsime chouma.

Ndamuuza Kingston asawauze amayi za pemiti. Ndinena ndekha.

Lamulungu, 26 Novembala

Chithunzi chafika. Denga likunyezimira, lokongola zedi, kenako likuthera panjira. Kumapeto kuli makoma anga, mitengo ya denga ili pamtunda.

Amayi atumiza mawu pa foni ya Kingston. Akalipa kaye kuti sitinawamvere. Kenako akuseka. Ati palibe kanthu, bedi lawo ndi lalikulu, tidzagona awiri ngati kale. Tambala wofiira uja amusungira ine, asaphedwe mpaka Khirisimasi. "Disembala ndi pompano, mwanawe. Basi yako ikufika tsiku lanji, ndikakuchingamire pa siteji?"

Ndayamba kuyankha kanayi. Kanayi ndafufuta.

Mawa ndidzuke msanga, makatani a pabalaza akufunika kuchapa. Sopo watsala pang'ono.

Ndiyesenso kachisanu: Amayi, ine Disembala uno...