Mizimu Yopanda Mitengo

Gulu: Game ya Loweruka 🎲
Anna, George, Wahabu

LACHITATU

Anna 12:41
ndasintha plan. Loweruka tikuyamba campaign yatsopano

Wahabu 12:44
eee madam game master mwatopa nafe? mzimu wanga wa mkuyu unali utangofika level 6

Anna 12:45
mzimu ulipobe. mtengo wake ndiye palibe. nkhalango yonse yadulidwa, kwatsala zitsa zokhazokha. mizimu yadzuka m'mawa yapeza ilibe pokhala. game ikuyambira pamenepo

Wahabu 12:46
iii nkhanza kkkk. koma ndaikonda. George wamva? mbawa yako yagwa aise

Anna 12:47
achimwene awerenga. ma tick ndi a blue

Wahabu 13:20
ndapeza idea. mzimu uliwonse utsatire thabwa lake. wina wathera mu chitseko, wina mu desiki ya pa sukulu yanu ku Mitundu, ana akumulemba mayina ndi pen

Wahabu 13:21
wina ali m'thumba la makala pa njinga ulendo wa ku town. tiponya dayisi, ikagwa pansi pa 3 wapsera pa mbaula ya munthu wa chips

Anna 13:34
ina nayi. mizimu ipite kunyumba kwa amene anadula. isamumenye ayi. izingokhala pakhonde kumamuyang'ana akamadya

Wahabu 13:35
mmm imeneyo yoopsa

Anna 13:35
ina. njuchi za m'ming'oma zikuzungulira zitsa kusaka amene anaziotcha

Wahabu 13:38
ming'oma? mu game mulibe ming'oma. ming'oma ndi ya ku nkhalango yeniyeni ya malemu bambo anu

Wahabu 13:40
Anna?

Anna 13:52
📷 chithunzi

Anna 13:53
dzulo ndinapita kukaona amayi. ndatsika minibus pa Nathenje, ndakwera kabaza. titafika pa mtsinje ndangoona nyumba yathu poyera. chibadwire changa nyumba ija siinaonekepo kuchokera pa mtsinje

Anna 13:55
mbawa ija tinaijambula pakati pa map ya game, chitsa chake ndakhalapo ine ndi chikwama changa, malo nkutsalabe

George 17:05
Anna, nkhani za pakhomo si za pa group

Anna 17:06
mwadzuka achimwene

George 17:11
🎤 uthenga wa mawu 1:52

Anna 17:12
sindimvera. lembani, Wahabu nayenso awerenge

George 17:20
chimanga chinapsa ndi dzuwa, ukudziwa. fodya akufuna malo ndi chigafa chatsopano. oumba njerwa ndi a macheka anabwera, ndinavomera. mitengo sitidya

Anna 17:21
masuku tinkadya. bowa tinkadya. uchi umene amayi amathira m'phala umachokera ku msika?

George 17:24
iwe umabwera pa holide ndi kope lako kudzajambula ma map. ine ndimakhala konkuno. denga likamadonthera pa bedi la amayi amaitana ine, osati mzimu wa mbawa

Anna 17:25
abambo anawabweza kangati anthu a machekawo? zaka 30 akulambula m'mbali mwa nkhalango kuti moto usalowe

George 17:26
abambo kulibe

Anna 17:26
foni muli nayo. mukanandiimbira

George 17:27
ukanakana

Anna 17:27
eya ndikanakana

George 17:28
nchifukwa chake

LACHINAYI

Wahabu 08:10
abale tiyeni tiziziritse mitima pliz. Loweruka mubwere ku shop ngati kale. tiyi ndi mandazi ndi zanga

Anna 10:02
Wahabu funso limodzi lokha. ngolo singanyamule matabwa a mbawa ija. ndinaona mapazi a matayala pa dambo. kwathu konse kuja pickup imene imalowa ndi ya ndani?

Wahabu 10:15
🚫 uthenga wafufutidwa

Anna 10:16
ndinali nditawerenga kale. bwezeraninso

Wahabu 10:23
ndinanyamula ma trip awiri. George anandiuza kuti mukudziwa

George 10:30
ndinati ndimuuza

Wahabu 10:31
unati anavomera aise. usandipachike

Anna 10:40
Loweruka lapitali tinakhala atatu kuseri kwa shop. ine ndikufotokoza kuti mizimu yanu ikumwa mame pa nthambi, inu mukuponya dayisi, mukuseka. mitengo inali itagwa kale?

Anna 10:58
ndikufunsa

Wahabu 11:01
inagwa Lolemba la sabata imeneyo

Anna 11:02
ndiye idea yanu yabwino ija ya mizimu ya m'matabwa munaipeza mukumanga chingwe kumbuyo kwa pickup

Wahabu 11:04
wallahi dzulo ndimayesa mukuiika mu game kuti mtima utsike. pepani ndithu

Anna 11:05
📞 George sanayankhe

Anna 11:06
📞 George sanayankhe

George 14:47
ndinali ku munda. imva izi kamodzi basi. mbawa ine ndimafuna kuisiya. ndi amayi anati ndiyambire yomweyo. akuti akatuluka m'nyumba amaona abambo atakhala pansi pake, atopa nazo

Anna 14:49
mukunama

George 14:50
ukawafunse

Anna 15:31
ndinakhala nawo tsiku lonse. tinasenda nyemba limodzi. sanatchule kanthu

George 15:33
amakuopa. tonse timakuopa ndi nkhalango yakoyo

Wahabu 15:40
George zimenezo ayi

LACHISANU

Wahabu 13:45
ndatuluka ku mzikiti. ndafunsa kwa a nazale, mbande za mbawa zilipo. ndikhoza kubweretsa ndi pickup, tidzale mvula ikayamba

Anna 13:58
pickup yomweyo

Wahabu 13:59
ndilibe ina

Anna 16:10
idea yomaliza, kenako ndasiya. mizimu isabwezere munthu aliyense. ingonyamuka. itenge mthunzi, bowa, njuchi ndi kasupe wa kumunsi uja, ilowere ku Dzalanyama osacheuka

Anna 16:12
inu simukhalanso mizimu. mukhala anthu otsala pa zitsa. palibe adani, palibe ma level. turn iliyonse muziponya dayisi kuona ngati mvula ibwera

George 16:30
imeneyo si game Anna. ine ndi amayi timasewera imeneyo chaka chilichonse, iwe uli pa mpando ku staff room

George watuluka m'gulu

Wahabu 16:33
ndimubwezeremo?

Wahabu 16:50
Anna

LOWERUKA

Wahabu 14:02
tebulo ndayala. tiyi ali pa moto

Wahabu 14:40
George akuti sabwera. akumanga chigafa

Wahabu 15:15
🎤 uthenga wa mawu 0:19

Wahabu 16:05
mapepala a mizimu yathu onse awiri ali kuno ndi map. mudzatenga kapena ndisunge?

Anna wawerenga 16:06