Mano Atsopano ndi Mutu wa Nkhosa

Loweruka, 8 Malichi. Mphepo ya kuno ku Kepi, ku South Africa, inali yolusa, koma mtima wanga uli mbee!

Lero ndayesa mano amene mwana wanga Esnati wandiikitsa. Zaka zisanu ndakhala ndikumeza phala ngati khanda. Adokotala anati sabata yonse ndidye zofewa. Sabatayo ndi yawo, koma mano ndi anga.

Esnati atangokwera tekisi ya kuntchito, ndinakatenga anzanga a Mbewe. Chapati ya pashopu ya munthu wa ku Somalia inalowa bwinobwino. Samusa ya kusiteshoni, tsabola wake anandikumbutsa machimo anga onse. Kenako pa renki ya matekisi ku Dunoon tinapeza mutu wa nkhosa, uja amati smiley, mano ali pamtunda. Nanenso ndinautulutsira anga n'kuuseka kuti, "Achimwene, anu ndi achikasu, anga ndi a dzana!"

Mayi wogulitsayo anaseka mpaka kugwira nthiti. "Tata, mulimba?"

A Mbewe anati, "Akathyokera m'mbalemo, ine sindikudziwani. Esnati mukamuuza nokha."

Ndinaluma tsaya. Mano akumunsi anagwedera, mtima unangoti myuu. Ndinawabweza ndi lilime n'kulumanso. Nyama inaduka! Ndatafuna, anthuni, ndatafuna mpaka misozi. Ndinanamizira utsi.

Esnati pobwera ananunkhiza jekete langa. "Ababa, phala layamba liti kununkha nkhosa?"

Ndinayang'ana kudenga. Iye anafunsa chapansipansi, "Yatafunika?"

Ndinamuonetsa mano onse, palibe losowa.

Nkhama zikuwawa, koma paja pakona pali mayi wootcha chimanga, ndiye mawa akangotuluka Esnati...